Chala cha Kadiso

1. Dzina la kupolisi

Kadiso silidali dzina limene makolo ake adamupatsa. Adalipeza ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tsiku limene adaloza wakuba kupolisi.

Amayi ake adali telala. Ankasokera m'chipinda chakutsogolo cha nyumba yawo, chimene chitseko chake chimayang'ana kumsewu. Tsiku lina masana adakiya chitseko n'kupita kukagula ulusi ndi mabatani. Mwanayo adamusiya atagona m'chipinda chamkati chifukwa ankatentha thupi. Pobwerako adapeza chitseko chili chotsekula, tebulo lili lokha. Makina osokera padalibe.

Mwanayo adati adaona munthu akutuluka nawo. Patapita masiku awiri adamutengera kupolisi. Kumeneko adaimika amuna asanu ndi atatu pamzere, iye n'kukweza chala kuloza wachisanu. Adali bambo wosoka nsapato amene ankakhala pakhonde la sitolo, tsidya lina la msewu. Khoti lidamugamula zaka zitatu. Makinawo sadapezeke.

Kuyambira pamenepo aliyense ankamutcha Kadiso. Singano ikagwa pansi ankaitana iye. Aphunzitsi akupulayimale ankauza ana kuti, “Samalani, m'kalasi muno muli Kadiso.” Dzina lotere lili ngati nsapato yaikulu imene mwana waguliridwa. Amakula akuyesetsa kuti imukwane.

Choncho atamaliza sekondale n'kupita kuyunivesite, palibe adadabwa kuti adasankha maphunziro a za umbanda ndi kayendetsedwe ka chilungamo. Awa ndi maphunziro a digiri yoyamba. Amaphunzitsa chifukwa chake anthu amapalamula, mmene apolisi amafufuzira, mmene khoti limaweruzira, ndi zimene ndende imamuchita munthu.

Amene ankamunyadira kwambiri adali amalume ake, alongo a amayi ake. Ankabwera Loweruka lililonse. Munthu ankawadziwa asadawaone, chifukwa mwendo wawo wamanzere udali waufupi ndipo pakhonde ankamveka gu, gwa, gu, gwa.

“Insipekitala, yunifolomu akupatsa liti?” ankatero akuvula nsapato pakhomo.

“Si upolisi, amalume.”

“Upolisi womwewo, koma wa mabuku. Ndikadzagwidwa ndiye udzandimasule.”

Onse ankaseka.

Koma padali chinthu chimodzi chimene Kadiso sankauza munthu. Wosoka nsapato uja atatuluka kundende sadabwerere pakhonde lakale. Adakakhala kuseri kwa depoti ya mabasi, pamene pali njira yachidule yopita kuyunivesite. Kadiso sankadutsako. Ankazungulira kumsika, ulendo wa mphindi makumi awiri zowonjezera, mvula kaya dzuwa. Anzake akamufunsa ankati kudepoti kuli fumbi. Zoona zake n'zakuti sankafuna kumva nyundo ya bamboyo ikulira kho, kho, kho. Chifukwa chake iye mwini sankachidziwa.

2. Chikwama cha Ajaji

M'chaka chachiwiri adayamba kuphunzira za mboni. Ankawaphunzitsa mayi wina wachikulire amene adaweruza milandu zaka makumi awiri asadayambe uphunzitsi. Ophunzira ankangowatcha Ajaji.

Lachiwiri lina m'mawa, Ajaji akulemba pabolodi, chitseko chidatsekuka mwamphamvu. Munthu wovala chipewa adalowa, kutsomphola chikwama chimene chidali patebulo, n'kutuluka liwiro. Atsikana adakuwa. Anyamata ena adalumpha madesiki.

“Khalani pansi,” adatero Ajaji osatembenuka. “M'chikwamamo muli nyuzipepala zakale. Munthuyo ndamutuma ndine. Musakambirane zimene mwaona. Tionana Lachinayi.”

Lachinayi adabwera ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi n'kuzimata pabolodi.

“Lozani amene anatenga chikwama changa.”

M'kalasi mudayamba manong'onong'o. Mnyamata wina kumbuyo adati, “Tisavutike, Ajaji. Tili ndi Kadiso muno, makina ogwirira akuba.”

Kadiso adaimirira. Adayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi. Nkhope yachitatu idamukoka maso.

“Wachitatu,” adatero.

“Mwatsimikiza?”

“Ndinamuona bwinobwino.”

“Mungalumbire m'khoti?”

“Ndingalumbire.”

Ajaji adafunsa amene akugwirizana naye kuti akweze manja. Manja adakwera ambiri, kuposa theka la kalasi. Kenaka mayiyo adapita kukatsekula chitseko. Adalowa mnyamata wamtali, chipewa chili m'manja, akumwetulira mwamanyazi.

“Uyu ndi mwana wa mchemwali wanga. Ndiye anatenga chikwama. Muyang'aneni, kenaka muyang'ane pabolodi.”

Nkhope yake sidali pa chithunzi chilichonse.

“Wachitatuyo ndi bambo amene amayang'ana zikwama zanu pakhomo la laibulale. Mumadutsa pamaso pake tsiku ndi tsiku. Lachiwiri sanabwere n'komwe kuntchito. Anali kuchipatala ndi mkazi wake.”



3. Zimene Ajaji adanena

Ajaji adakhala pampando n'kuvula magalasi.

“Ana anga, mverani, chifukwa izi sindinaziphunzire m'buku. Ndinaziphunzira nditavala mkanjo, anthu akupita kundende ndi siginecha yanga. Mboni yabodza siyoopsa kwenikweni. Ukaifunsa kawiri katatu imapunthwa yokha. Yoopsa ndi mboni yoona mtima imene yalakwitsa. Imalira misozi yeniyeni. Imalumbira osanjenjemera. Woweruza amaikhulupirira chifukwa nayo ikudzikhulupirira.

“Diso si kamera. Limatola zidutswa: chipewa, msana, mtundu wa malaya. Zotsalazo mutu umasokerera wokha. Ukaona nkhope imene unaionapo kwina, mutu umati ndi yemweyu, koma sukuuza kumene unamuona.

“Ndipo lero ndakunyengani dala. Ndinati lozani amene anatenga chikwama. Mawu amenewo ndi msampha, chifukwa akukuuzani kuti wakubayo alipo. Wofufuza wodziwa ntchito amati, mwina alipo, mwina palibe, ndipo ngati simukumuona nenani kuti simukumuona. Saika munthu mmodzi wodziwika pakati pa alendo. Samwetulira mboni ikaloza. Mukadzatuluka muno ndi digiri, anthu adzakupatsani ana awo kuti muwafunse mafunso. Mwana amafuna kukondweretsa wamkulu. Mukamuuza kuti aloze, aloza.”

Kadiso adali chiimire. Mnzake wapambali adamukoka siketi kuti akhale.

Adakhala, koma sankaonanso bolodi. Ankaona katani ya chipinda chamkati ndi kampata kamene adasuzumirapo tsiku lija. Adaona msana wa munthu wovala ovolosi yabuluu. Makina adali paphewa, atakutidwa ndi nsalu, ndipo nsaluyo idaphimba mutu wonse. Nkhope sadaione.

Adakumbukiranso wapolisi atamugwira paphewa. “Usaope, mwana wabwino. Wakubayo ali pomwepa. Ungoloza.” Pamzere paja amuna asanu ndi awiri adali achilendo. Mmodzi yekha ndiye ankamudziwa, amene ankamusokera nsapato zakusukulu, ndipo nayenso ankavala ovolosi yabuluu ngati amisiri ena onse a mumsewu umenewo. Bamboyo atamuona adamwetulira. Chala chitakwera, kumwetulira kuja kudatha pang'onopang'ono. Bamboyo sadamuyang'ane kumaso. Adangoyang'ana chalacho.

Anzake atatuluka, Kadiso adatsala.

“Ajaji, ndifunse. Nanga mboni ikazindikira kuti inalakwitsa, koma papita nthawi?”

“Nthawi yaitali bwanji?”

“Zaka khumi ndi ziwiri.”

Mayiyo adavalanso magalasi n'kumuyang'ana.

“Zaka za munthuyo sizingabwerere. Koma dzina lake likadali m'mabuku a opalamula, ndiponso m'kamwa mwa anthu. Mboniyo ikhoza kulemba zimene inaona zenizeni, n'kukalumbira pamaso pa loya, kuti khoti lalikulu lipemphedwe kuunikanso mlanduwo. Njira yake ndi yaitali ndipo sindingalonjeze kuti ikafika. Ndikuuzeni ichi chokha. Mwana amene analoza alibe mlandu. Mlandu ndi wa akulu amene anaimika mzere. Koma mwanayo akakula, n'kudziwa, n'kukhala chete, pamenepo ndiye wayamba wake.”

4. Zimene amayi adanena

Madzulo Kadiso adapeza amayi ake akupinda mpendero wa diresi, mapini ali kukamwa. Makina amene ankapalasa tsopano adawapeza patatha zaka ziwiri akusoka pamanja. Zala zawo zidali ndi zipsera za singano mpaka lero.

“Amayi, ine nkhope ya munthu uja sindinaione.”

“Munthu uti?”

“Wa makina.”

Amayi adachotsa mapini kukamwa, imodziimodzi, n'kuwabaya pakatsamiro.

“Tseka chitseko.”

Kadiso adatseka.

“Tamvera, iwe. Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma moyo ndaudziwa. Chilonda chikapola sachikanda. Munthu uja anamangidwa, anatuluka, akusoka nsapato zake, akudya. Iwe ukapita kumeneko ukamubwezera chiyani? Zaka zitatu zili m'chikwama mwakomo? Ukangomudzutsira mkwiyo umene unagona. Anthu otuluka kundende mtima wawo sudziwika. Pa benchi pake pali mipeni.

“Ndipo uganize za iwe mwini. Watsala zaka ziwiri. Ukadzafuna ntchito kukhoti kapena kupolisi, adzati uyu ndi uja ananama ali mwana. Sadzati analakwitsa, adzati ananama. Anthu sasiyanitsa. Makasitomala anga nawo adzati telala uja anamangitsa munthu wosalakwa. Ndidzasokera ndani? Ine ndinakutumiza kusukulu kuti ukatenge pepala, osati ukafukule manda. Zimene akuphunzitsazo ulembe pamayeso, ukhoze, zithere pomwepo. Za m'buku n'za m'buku. Za pakhomo pano uzisiye.”

Adabwezera nsalu pansi pa singano n'kuyamba kupalasa.

Kadiso adayang'ana chitseko chimene adali atangotseka. Chidali chomwe chija, ndi loko yemwe uja.

“Amayi, tsiku lija loko anathyola?”

Makina adaima.

“Wati chiyani?”

“Ndikufunsa ngati anathyola loko. Sindikumbukira kuti tinasinthapo.”

“Kachotse zovala pachingwe, kukubwera mvula,” adatero amayi osadzutsa mutu.

Kunja kudalibe mtambo ndi umodzi womwe.

5. Kuseri kwa depoti

Lachisanu Kadiso adali ndi phunziro limodzi lokha. Pochoka pakhomo adatenga sizasi ya amayi ake n'kudula lamba wa nsapato yake yakumanja. Idali nsapato yabwinobwino, koma munthu supita kwa wosoka nsapato chimanjamanja.

Atatuluka m'kalasi adalowera njira yachidule, akukwekwereza phazi. Nyundo adayamba kuimva asadakhote pa ngodya ya depoti. Kho, kho, kho. Kawiri konse adaima. Kachitatu adapitirira.

Bamboyo adakhala pa kampando kafupi pansi pa lata limodzi. Tsitsi lidachita imvi. Patsogolo pake padali bokosi la misomali, chitini cha guluu, ulusi wakuda ndi mulu wa nsapato zimene eni ake sadabwere kudzatenga. Pambali pake mayi wachitsikana ankapaka polishi, khanda lili kumsana.

Kadiso adamuzindikira mayiyo. Adali mwana wa bamboyo, amene ankakhala naye desiki imodzi kupulayimale. Ankamutcha Nambala Wani chifukwa palibe ankamupambana masamu. Chaka cha mlandu uja adasiya kubwera kusukulu.

“Zikomo, bambo. Lamba waduka.”

Bamboyo adalandira nsapato osayang'ana mwini wake. Adaitembenuza, n'kupapasa poduka paja ndi chala chachikulu.

“Uyu sanaduke yekha. Wadulidwa ndi sizasi.” Adayang'ana kunsi kwake. “Ndipo ukupondabe chakunja. Ndinkawauza amayi ako kuti mwanayu amatha chidendene mbali imodzi. Khala pabenchipo, mwana wa atelala.”

Nambala Wani adasiya burashi.

“Ndi ameneyu? Bambo, mukumusokeranso?”

“Nsapato sinalakwe,” adatero bamboyo akulowetsa ulusi pasingano.

Kadiso adakhala kunsonga kwa benchi, phazi limodzi lili pafumbi. Mawu amene adawakonza panjira adathawa pafupifupi onse. Adatsala ochepa.

“Bambo, tsiku lija nkhope sindinaione. Ndinaona msana ndi ovolosi. Ndinaloza inu chifukwa pamzere ponse ndinkadziwa inu nokha.”

Singano idaima pakati pa lamba. Basi ina idaliza hutala, kondakitala akuitana anthu. Bamboyo adakoka ulusi mpaka kumapeto, n'kubayanso.

“Ndikudziwa,” adatero.

“Mukudziwa?”

“Ndinalipo, si choncho? Ndimadziwa zimene manja anga ananyamula ndi zimene sananyamule. Chimene sindinkadziwa n'chakuti iwe udzadziwa liti. Ndimakuona ukuzungulira kumsika. Ndinkati, mwana uyu miyendo yake ikudziwa, mutu ndiwo ukuchedwa.”

Nambala Wani adaseka, koma sikudali kuseka kwabwino.

“Ndiye wabwera kudzapepesa? Zikomo kwambiri, madamu a kuyunivesite. Tiphike kupepesako tidye? Iwe ukudziwa kuti ine ndinkakuonetsa masamu? Bambo atamangidwa, pensulo ikasowa m'kalasi ankayamba kusecha ine. Ndinapirira teremu imodzi. Amayi anadwala, ndinayamba kuchapira anthu. Lero iwe uli ndi chikwama cha mabuku, ine ndili ndi burashi. Ndipo akukuphunzitsa chiyani kumeneko?”

“Za umbanda ndi chilungamo.”

“Mwamva, bambo? Chilungamo chili ndi sukulu yake. Ife tinkayesa chimangobwera.”



Khanda lidayamba kulira. Nambala Wani adalimasula, kulibweretsa kutsogolo n'kuyamba kuliyamwitsa. Atalankhulanso, mawu ake adali atatsika.

“Ine za misozi sindifuna. Uyu akadzayamba sukulu sindifuna adzamve kuti ndi mdzukulu wa wakuba. Uli ndi pepala m'chikwamamo?”

“Ndili nalo.”

“Lemba zimene wanenazo. Mawu a pakamwa amauluka, mawa udzati sunanene. Ulembe tsiku la lero. Ndipo usaine dzina lako lenileni, osati la Kadisolo. Limenelo unalipeza pamsana pa bambo anga.”

Kadiso adatulutsa kope ndi cholembera. Adalemba zimene adaona pa kampata ka katani. Adalemba zimene sadaone. Adalemba mawu a wapolisi monga momwe adawanenera. Adalemba kawiri, pepala lina la iwo, lina lake loti akaonetse Ajaji Lolemba kuti amuuze loya woti akalumbire pamaso pake. Pansi adasaina dzina limene makolo ake adamupatsa.

Nambala Wani adawerenga pepalalo mpaka pansi, chala chikutsata mizere.

“Apa walumpha mawu. Wati wapolisi ananena kuti wakubayo pomwepa. Ika ‘ali’.”

Kadiso adakonza. Mayiyo adapinda pepalalo kanayi n'kulilowetsa m'bulauzi.

6. Zimene wosoka nsapato adaona

Bamboyo adadula ulusi ndi mpeni, n'kumenya lamba ndi nyundo kawiri kuti agone. Adaika nsapato pafupi ndi phazi la Kadiso.

“Vala. Tsopano undimvere, chifukwa izi sindidzazibwereza.

“Tsiku lija ine ndinali pakhonde la sitolo, mutu uli pansi, ndikumata soli. Ntchito yathuyi timaona dziko kuyambira m'maondo kutsika. Ndinamva chitseko chanu chikutsekuka. Sichinathyoledwe, chinatsekulidwa ndi kiyi, mwaulemu, ngati mwini nyumba. Patapita kanthawi munthu anatuluka atasenza katundu. Nkhope nanenso sindinaione, nsalu inaphimba. Koma nsapato ndinaziona. Zinali zofiirira, ndipo yakumanzere inali ndi chidendene chokhuthala kuposa inzake. Chidendene chimenecho ndinachikweza ndine, ndi manja awa, chifukwa mwini wake mwendo umodzi ndi waufupi.”



“Kupolisi simunanene?” adafunsa Kadiso.

“Ndinanena. Anaseka. Anati nsapato si mboni, ndipo wakuba aliyense amaloza mnzake. Iwo anali ndi mwana amene waona ndi maso. Ine ndinali ndi chidendene. Kukhoti ndinanenanso, koma amayi ako anaimirira n'kunena kuti kiyi anali mmodzi yekha, ndipo mwina anaiwala kukiya.”

Adatola nsapato ina pamulu n'kuiyang'ana kunsi.

“Koma usathamange. Chala chako ndimachidziwa, n'chopepuka. Anthu a mwendo waufupi ndi ambiri, ndipo amene ndinawakwezera chidendene si mmodzi. Ine ndakuuza zimene ndinaona, sindinawonjezere. Dzina sindinatchule. Usakachite kwa wina zimene unachita kwa ine. Ukafunse kaye. Si zimene akuphunzitsa?”

“Ndi zomwezo, bambo.”

“Ndiye sukulu yakoyo ndi yabwino. Pita, dzuwa lapendeka.”

Kadiso adaimirira. Lamba adali wolimba kuposa kale. Atayenda pang'ono adamva Nambala Wani akumuitana.

“Iwe. Lolemba udzere konkuno, undiuze zimene akayankhe. Usazungulirenso kumsika.”

Nyundo idayambanso kumbuyo kwake. Kho, kho, kho. Ulendo uno sadafulumize miyendo.

7. Pakhomo

Adafika kwawo dzuwa lisadalowe. Nthawi imeneyo makina a amayi ake amamveka munthu akadali pa ngodya ya msewu. Tsiku limenelo kudali chete. Katani ya chipinda chosokera idali yotseka.

Pakhomo padali nsapato za munthu wamwamuna, zoikidwa bwino moyandikana. Zidali zakuda, zatsopano, osati zofiirira. Koma yakumanzere idali ndi chidendene chokhuthala kuposa inzake.

Lidali Lachisanu. Amalume sabwera Lachisanu.

M'katimo anthu awiri ankalankhula motsitsa mawu. Atamva mapazi pakhonde adasiya.

“Ndi Kadiso ameneyo?” adatero amalume. Mawu awo adali okoma ngati masiku onse. “Lowa, insipekitala. Amayi ako andiimbira foni. Akuti kusukulu kwakupatsa mafunso.”

Kadiso adayang'ana loko wa pachitseko. Adayang'ananso chidendene chija. Adakumbukira msana umene adauona pa kampata ka katani, mmene unkapendekera mbali imodzi pa sitepe iliyonse. Kaya adaziona zoona tsiku lija, kaya mutu wake wazisokerera lero, iye sakadalumbira. Chala chake chakumanja chidayamba kuyabwa. Adachipinda n'kuchilowetsa m'thumba la siketi, momwe mudali pepala lija.

Adavula nsapato zake n'kuziika pambali pa za amalume. Adatsekula chitseko.

Amayi adakhala kuseri kwa makina, manja ali pamiyendo. Amalume adakhala pampando wa makasitomala, akumwetulira.

“Mwaswera bwanji, amalume?” adatero Kadiso akugwada pang'ono. Kenaka adakoka kampando n'kukhala pakati pa iwo ndi chitseko. “Ndili ndi funso limodzi lokha. Nyumba ino inali ndi makiyi angati?”